Kuphunzitsa ana a sekondale kupanga mameme popanda kuputa chipongwe

Funso: Ndine mphunzitsi wa Computer Studies pa CDSS ina m'boma la Ntcheu. Ana anga a Fomu 3 akhala akundiumiriza kuti ndiwaphunzitse kupanga mameme (zithunzi zolembedwapo mawu oseketsa) onga amene amaona pa WhatsApp ndi Facebook. Tili ndi makompyuta akale 12, intaneti palibe, ndipo ana saloledwa kubwera ndi mafoni kusukulu. Ahedi akuti zimenezi n'zachibwana, komanso akuopa kuti ana ayamba kunyoza aphunzitsi. Kodi ndiyambire pati, ndigwiritse ntchito pulogalamu yanji, nanga ndichite bwanji kuti zisathere m'chipongwe?

Yankho: Aphunzitsi, ana amenewo aphunzitseni ndithu. Mantha a ahedi pa nkhani ya chipongwe ndi omveka, ndipo ndiwafikira. Koma zoti n'zachibwana ndikukana. Mwana amene wamaliza meme imodzi yooneka bwino ndiye kuti wadula chithunzi, wachichepetsa osachipotoza, wasankha fonti (mtundu wa zilembo), wasanja maleya (zigawo zosanjikizana za chithunzi ndi mawu), ndipo wasunga ntchito yake m'mafayilo a mitundu iwiri akudziwa chifukwa chake. Maluso omwewa ndi amene anthu akudyera popanga maposita a misonkhano ya mpingo, makadi a zinkhoswe ndi zikwangwani za mashopu. Kusiyana kwake n'kwakuti posita ya "Tisamale mitengo" mwana amapanga kamodzi kuti mumuchongere, pomwe meme amaibwereza mpaka ikhale bwino popanda womutuma, chifukwa akufuna anzake aseke.

Tsiku loyamba makompyuta asayatsidwe n'komwe. Aphunzitsi ambiri amathamangira kuonetsa ana mabatani, mapeto ake kalasi yonse imatulutsa zithunzi zokongola zosaseketsa munthu. Meme imayamba ndi kalembedwe, kompyuta imabwera pambuyo. Jambulani pa bolodi mbuzi itatong'ola maso. Pansi pake lembani kuti "Mbuzi yadabwa". Palibe amene aseke, chifukwa mawu angobwereza zimene maso aona kale. Fufutani, mulembe kuti "Ine aphunzitsi akati tsekani makope, tulutsani pepala". Kalasi ifa nalo phwete. Chithunzi sichinasinthe, koma tsopano mawu akunena nkhani ina, chithunzi chikunena ina, ndipo woona ndi amene akulumikiza yekha m'mutu mwake. Kulumikizako ndiye nthabwala. Mwana akapanda kumvetsa zimenezi, palibe pulogalamu imene ingamuthandize.

Mwayi wanu ndi wakuti ana athu kaganizidwe kameneka akukadziwa kale kuchokera ku miyambi. Mwambi susintha, chimasintha ndi nkhani imene wolankhula waugwetserapo. Mameme otchuka amayenda chimodzimodzi. Pali chithunzi chija cha mnyamata akuyenda ndi chibwenzi chake, koma khosi lapotokera kwa mtsikana wina wodutsa, chibwenzicho chili tsinya lili gwa. Anachijambula ndi Antonio Guillem wa ku Spain mu 2015, mumzinda wa Girona, kuti azigulitsa kwa otsatsa malonda, ndipo chinafala dziko lonse mu 2017 anthu atayamba kulemba mayina a zinthu pa anthu atatuwo. Mwana wa Fomu 3 akhoza kulemba "ine" pa mnyamatayo, "kuwerenga" pa chibwenzi, "mpira wa Maule ndi Manoma" pa wodutsayo. Agogo ake akanangoti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Choncho ntchito yoyamba ikhale ya papepala. Gawani ana m'magulu a anthu anayi, gulu lililonse mulipatse mwambi umodzi, monga "walira mvula walira matope" kapena "mapanga awiri avumbwitsa". Afunseni kuti pa sukulu pompo pali chiyani chimene chingajambulidwe n'kunena nkhani yomweyo, nanga angalembepo mawu otani osatchula mwambiwo. Ajambule ndi pensulo bokosi, asonyeze pokhala chithunzi ndi pokhala mawu. Mapepala amenewa muzikhala nawo nthawi zonse, chifukwa tsiku limene magetsi azime pakati pa piriyodi phunziro lipitirira.

Zithunzi zikhale zojambula okha, pa foni yanu, inu muli pomwepo. Ndipo ikani lamulo ili pa masabata oyamba: nkhope ya munthu ayi. Pa sukulu pali zojambula zambiri: nkhuku zolowa m'kalasi, desiki lothyoka mwendo, nsapato zodzaza matope, njinga ya kabaza itasenza matumba, rimu ya galimoto imene imalira ngati belu, mzere wa zidebe pa mjigo. Ana poyamba adandaula kuti akufuna nkhope ya Osita Iheme, Pawpaw uja wa mafilimu a ku Nigeria amene wadzaza m'magulu a WhatsApp, kapena anyamata ovina ndi bokosi la maliro a ku Ghana amene anatchuka mu 2020. Auzeni kuti zimenezo aliyense waziona kale kambirimbiri, pomwe nkhuku ya pa sukulu yawo palibe wina ali nayo. Pojambula, dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, ayandikire ndi miyendo osati kukoka chithunzi ndi zala, ndipo asiye malo opanda kanthu pamwamba kapena pansi polembapo mawu. Potumiza zithunzi ku kompyuta gwiritsani ntchito chingwe, chifukwa WhatsApp imazifinya kuti zichepe ndipo zimafika zitataya kuwala kwake.

Pulogalamu yoyenera labu yanu ndi GIMP. Ndi yaulere mwalamulo, osati ngati Photoshop wakuba uja amene amabwera pa fulashi limodzi ndi mavairasi ake, ndipo ikangoikidwa sifunanso intaneti. Anaiyamba mu 1995 ndi ophunzira awiri a pa University of California ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis. Ana anu auzeni zimenezi, amve kuti chida chimene agwira anachipanga ndi ana a sukulu anzawo. Mukapita kumene kuli intaneti, itengeni kamodzi pa gimp.org, muiike pa fulashi, mudzagawire makompyuta onse 12. GIMP 3.0 inatuluka mu Marichi 2025 ndipo imafuna Windows 10 kupita m'tsogolo. Ngati makompyuta anu akadali pa Windows 7, funani ya 2.10. Canva ndi Photopea ndi zabwino koma zimadalira intaneti, choncho kwa inu n'zosathandiza. Masamba onga Imgflip, pamene munthu amangosankha chithunzi n'kudzaza timabokosi tiwiri, amatulutsa meme m'mphindi imodzi koma mwana saphunzirapo kanthu. Amene ali ndi foni ya Android kunyumba akhoza kupitiriza pa holide ndi PixelLab, imene imagwira ntchito popanda bandulo.

Chinthu chimodzi chimene muyenera kutherapo nthawi ndi maleya. Mwana akamvetsa maleya, zina zonse adzazitola yekha, ngakhale atasamukira ku pulogalamu ina. Bwerani ndi chithunzi cha m'nyuzipepala ndi pulasitiki yoonekera ija timakutira mabuku. Lembani mawu pa pulasitikiyo ndi peni ya maka, muisanjike pa chithunzi. Isunthireni m'mwamba, m'munsi, ichotseni, ikanipo ina ya mawu ena. Afunseni ana kuti chithunzi chawonongeka kapena ayi. Kenaka lembani mawu omwewo pa chithunzi penipenipo, muwauze kuti awachotse. Pamenepo mwamaliza kufotokoza. Mu GIMP chithunzi chimakhala pa leya yake, mawu apamwamba pa yake, apansi pa yake, ndipo imene ili pamwamba pa mndandanda ndi imene imaphimba zinzake. Ana ambiri akamati "sizikutheka, aphunzitsi", vuto limakhala lakuti akusintha leya ina pomwe maso ali pa ina. Muwazoloweze kuyang'ana kaye leya imene yasankhidwa asanakhudze chilichonse, ndiponso kupatsa leya iliyonse dzina.

Ndondomeko yake ndi yaifupi. Pa File asankhe New, alembe 1080 m'lifupi ndi 1080 m'litali. Pa File pomwepo asankhe Open as Layers kuti chithunzi chilowe ngati leya. Pochikulitsa kapena kuchichepetsa ndi Scale, kaunyolo kali pakati pa manambala awiri kakhale kolumikiza. Kakaduka, nkhuku imatuluka yophwatalala kapena yotalika khosi mosakhala bwino. Aphunzirenso pomwepa kuti chithunzi chachikulu chimachepetsedwa popanda vuto, koma chaching'ono ukachikoka chimachita chimbuuzi, chifukwa kompyuta ikungopeka timadontho timene kamera sinajambule.

Tsopano mawu. Zilembo zonenepa zoyera zokhala ndi mpendero wakuda zimene mumaona pa mameme akale ndi fonti ya Impact. Anaipanga Geoffrey Lee ku England mu 1965 kuti izigwira ntchito pa mitu ya nkhani ndi maposita, ndipo inafala chifukwa inkabwera kale m'makompyuta a Windows, moti aliyense anali nayo. Mpendero wakudawo si wokongoletsa. Zilembo zoyera zokha zimasowa zikafika pa mtambo kapena pa khoma la laimu, zakuda zokha zimasowa pa mthunzi, koma zoyera zozunguliridwa ndi chakuda zimawerengeka paliponse. Mu GIMP 3 chida cholembera chili ndi posankha Outlined and filled, basi zatheka. Mu 2.10 njira yake ndi yaitaliko, koma ine ndimaikonda chifukwa imaphunzitsa zambiri: pa leya ya mawu asankhe Alpha to Selection, pa Select asankhe Grow n'kulemba 5, apange leya yatsopano yoonekera pansi pa mawuwo, aithire mtundu wakuda. Mwana amene wachita zimenezi kawiri samafunsanso kuti leya n'chiyani.

Apa Chichewa chili ndi vuto lakelake limene simudzalipeza m'mavidiyo ophunzitsa a pa YouTube. Mawu athu ndi aatali. "Ndikanadziwa sindikanabwera" ndi mawu awiri okha, koma zilembo 26, ndipo mu Impact wamkulu sakwana mzere umodzi. Mwana amathamangira kuchepetsa fonti mpaka mawu osaoneka pa foni, kapena kudula liwu pakati mosayang'ana. Zonse ziwiri muzikane. Njira yoyamba ndi kudulira chiganizo: "Mmene ndimaonekera ine nthawi imene aphunzitsi anena kuti" chimasanduka "Ine aphunzitsi akati", ndipo nthabwala imathwa. Apa m'pamene mphunzitsi wa Chichewa angakuthandizeni, ndipo mwina apeza kuti ana akuphunzira kufupikitsa nkhani mosavuta kuposa m'kalasi mwake. Njira yachiwiri ndi kusiya Impact, n'kuika kachigawo koyera pamwamba pa chithunzi ndi kulembapo zilembo zakuda wamba, monga mameme ambiri a masiku ano alili, mpata umachuluka. Yang'aniraninso kankhodolero ka m'mwamba ka mu "ng'ombe" ndi "n'chiyani", kamene ana amakonda kukasiya, komanso chilembo cha ŵ, chimene mafonti ena okongoletsedwa alibe moti pamalo pake pamatuluka kabokosi. Kalankhulidwe asiyeni alembe mmene amayankhulira pa bwalo. Meme ya Chichewa cha m'mayeso siseketsa. Koma kalembedwe ka mawu chongani.

Posunga pakhale mafayilo awiri. Save imasunga fayilo ya XCF, mmene maleya onse ali osiyana ndipo mawa akhoza kusintha mawu. Export As imatulutsa JPEG kapena PNG yoti n'kutumiza, koma mmenemo zonse zamatana. Apatseni kantchito aka: meme imodzi aitulutse ngati JPEG ataika Quality (ubwino wa chithunzi) pa 90, kenaka pa 10, ayerekeze kukula kwa mafayilo ndi maonekedwe a m'mphepete mwa zilembo. Aona okha kuti JPEG imachepetsa fayilo potaya zina, ndipo amvetsa chifukwa chake meme imene yadutsa m'magulu ambiri, uyu kujambula sikirini, uyo kutumizanso, imafika itathimbirira.

Sabata yachitatu kapena yachinayi aphunzitseni kudula chinthu m'chithunzi china n'kuchiika m'china, pogwiritsa ntchito Free Select kapena layer mask, pamene chakuda chimabisa ndipo choyera chimaonetsa. Atenge nkhuku ija aiike padenga la labu, ikhale yaikulu kuposa chitseko. Aseka. Akatha kuseka, ikani zithunzi zawo pamodzi muwafunse kuti chikuulula bodza n'chiyani pa chilichonse: mthunzi ukulowera kwina pomwe dzuwa lili kwina, m'mphepete mwatsalira udzu wa pa chithunzi choyamba, nkhuku ikuwala kuposa denga. Kwa ine phunziro lonse phindu lake lagona apa. Mwana amene wanamiza maso a anzake ndi manja ake sakhulupiriranso msanga chithunzi cha "mtsogoleri wagwidwa" kapena "chozizwa chachitika" chimene chimazungulira pa nthawi ya zisankho. Tsiku lina muli ndi bandulo, aonetseni pa foni yanu mmene Google Lens imapezera kumene chithunzi chinayambira. Ahedi mukafuna kuwakopa, aitaneni adzaonerere phunziro limeneli.

Tibwere ku chipongwe. Nkhani imene ndimafotokozera ana ndi ya Ghyslain Raza wa ku Quebec m'dziko la Canada. Mu 2002, ali mnyamata wa sekondale, anadzijambula vidiyo kusukulu akuzunguza ndodo ngati msilikali wa m'filimu, n'kuiiwala tepiyo. Anzake a pa sukulu anaipeza n'kuiika pa intaneti mu 2003. Anthu mamiliyoni anaonera, ena n'kumawonjezamo zawo, ndipo mnyamatayo anazunzika ndi kunyozedwa mpaka anachoka pa sukulupo, makolo ake n'kukasumira mabanja a anzake aja. Amene anaika vidiyoyo ankangofuna kuseka. Afunseni ana anu kuti ikanakhala ya iwo, akanaichotsa bwanji m'mafoni a anthu onsewo.

Kuno kwathu pali lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limati kuzunza munthu, kumusowetsa mtendere kapena kumulondalonda kudzera pa intaneti ndi mlandu, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi WhatsApp. Ana adziwe zimenezi. N'chifukwa chakenso nkhope za andale zisalowe mu labu yanu. Inu ndinu wogwira ntchito m'boma, ndipo meme ikatuluka anthu sadzafunsa dzina la mwana, adzafunsa la mphunzitsi.

Koma kuopseza ndi lamulo sikuletsa mwana. Chimene ndaona kuti chimagwira ntchito ndi kusintha kolowera nthabwala. Meme iliyonse ya m'kalasi iyambe ndi "Ine" kapena "Ife a Fomu 3". Woseketsa adziseke yekha: ulesi wake, njala ya piriyodi yomaliza, mantha a masamu, kuthamangira belu. Zoterezi zimaseketsa kwambiri chifukwa aliyense amadzionamo, ndipo palibe amene amapita kwawo akulira. Lembani nawo pamodzi pangano lalifupi, aliyense asainire: osaseka thupi la munthu, khungu lake, ulumali, mtundu, chipembedzo, umphawi wa kwawo, matenda kapena mimba. Za anzathu achialubino nenani mosapsatira, chifukwa m'dziko muno kuwasandutsa choseketsa kuli ndi mbiri ya magazi. Mukadzafika polola nkhope, mwini nkhope aone meme yomalizidwa asanavomere, osati kungovomera kujambulidwa, ndipo akhale ndi ufulu wosintha maganizo. Kwa mwana wosakwana zaka 18, kholo lidziwe. Ndipo nkhope yoyamba ikhale yanu, aphunzitsi. Imani kutsogolo mutagwira choko, mukwinye nkhope, akujambuleni, alembepo zawo inu mukuona. Njala yofuna kuseka mphunzitsi imathera pomwepo, poyera, m'malo mokaphulikira kuseri.

Kunena zoona, simungaletse mwana kukachita zoipa pa foni ya mchimwene wake kunyumba. Koma luso limenelo ali nalo kale: WhatsApp yokha ili ndi batani lolembera mawu pa chithunzi. Chimene kalasi yanu ikuwonjeza ndi kuganiza asanatumize. Za mu labu zitsale mu labu, fulashi ikhale yanu yokha, ndipo zotuluka kunja zidutse m'manja mwanu.

Za umwini wa zithunzi ndinene mwachidule. Chithunzi chili pa intaneti chili ndi mwini wake. Chija cha kamwana kofumbata mchenga m'manja, chotchedwa Success Kid, anajambula ndi mayi ake, Laney Griner, mu 2007. Gulu lokopa anthu la wandale wa ku America, Steve King, litachigwiritsa ntchito popempha ndalama, mayiyo anasuma, ndipo mu 2022 khoti linapeza gululo lolakwa n'kulilipiritsa madola 750. Ndalamayo ndi yochepa, koma mfundo yake ndi yakuti kuseka ndi anzako n'kosiyana ndi kugulitsira malonda chithunzi cha mwini. Kwathu kuno nkhanizi zili pansi pa Copyright Act ya 2016 ndi bungwe la COSOMA. Ana akafuna chithunzi chimene sangajambule okha, monga mkango kapena mwezi, katengeni pa Wikimedia Commons, muwerenge chilolezo chake: CC0 ndi chomasuka, CC BY imafuna kuti mutchule wojambula. Dzinalo alilembe ndi tizilembo tating'ono pakona.

Pochonga musapereke malikisi chifukwa choti inu mwaseka. Nthabwala za ana a zaka 16 zina simudzazimva, ndipo si vuto lawo. Ikani meme pa foni yanu, muigwire motalikitsa dzanja: ikuwerengeka? Ionetseni gulu lina popanda mwini wake kutsegula pakamwa: aimva? Akayamba kuti "apa ndimatanthauza kuti", ibwerere ku pepala. Tsegulani XCF muone ngati maleya ali osiyana ndi otchulidwa mayina. Funsani kumene chithunzi chachokera. Poti makompyuta ndi ochepa, muziyang'ananso amene wagwira mausi, chifukwa mukalekerera anyamata awiri atatu odziwa kale ndi amene azipanga zonse atsikana akungoonerera. Muzisinthitsa wokhala pa mpando pakatha mphindi 10 zilizonse. Luso likakhazikika, pemphani aphunzitsi a Biology kapena History akupatseni mitu imene ana amalephera, gulu lililonse lipange meme yoti munthu sangaimve ngati mutuwo sanaumvetse.

Amene athamange kuposa anzawo apatseni ntchito ya masitika a WhatsApp. Sitika imafuna chithunzi cha 512 m'lifupi ndi 512 m'litali, kumbuyo kwake koonekera, mu fayilo ya WebP yosapitirira 100 KB, ndipo GIMP imatha kutulutsa WebP pa Export As pomwe paja. Kuti nkhuku ituluke yokha popanda bokosi loyera kumbuyo, ayenera kuyamba aika Add Alpha Channel pa leya yake asanafufute zozungulira.